Mukamufunsile pa Ngolo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa mnzanga anapeza mwamuna. Titamaliza maphunzilo a unesi ndi uzamba pa chipatala china cha mishoni, ine ananditumiza ku Chipata, m'tauni, komwe kunali magetsi ndi madzi a pampopi, pomwe mnzanga Judith anamuponya ku Lundazi, pa kakiliniki kena mkati mwa midzi ya kwa Mwase. Judith analila mpaka maso kutupa, chifukwa mnyamata amene anali pafupi kumukwatila ankagwila ntchito ku Chipata komweko. Ine pakamwa panga ndi polimba koma mtima ndi wofewa zoopsa. Ndinangoti, "Leka kulila iwe, ndipita ine. Kodi ku Lundazi kulibe anthu?" Akuluakulu sanavute, popeza kwa iwo nesi ndi nesi. Amayi anga kwathu ku Katete atamva anagwila pakamwa n'kunena kuti, "Mailesi, unabadwa bwanji iwe? Anzako athawila m'tauni, iwe uthawila kuthengo!"

Ndinafika chaka cha chilala chachikulu chija, anthu akudya ufa wachikasu wa chimanga cha thandizo, nkhondo ya ku Mozambiki ikungotha kumene. Basi ya ku Chipata inandigwedeza mpaka mano kuwawa, ndipo pa msika wa Lundazi ndinakwela lole ya feteleza yomwe inakanditula pa mphambano, sutikesi pamutu. Kiliniki yake inali nyumba ya zipinda zinayi, ya malata a dzimbili. Pakhonde panaima mzimayi wamkulu thupi, imvi zikuyamba, atavala yunifomu yoyela ndi majombo a mphila. Anandiyang'ana kuyambila kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Monile, NyaBanda. Nsapato zimenezo mukasunge, zikhale za ku tchalitchi." Amenewo anali Sisita Mtonga, ndipo kanali koyamba kuti munthu anditchule NyaBanda, monga amaitanila akazi kumeneko ndi dzina la atate awo.

Ku sukulu tinkaphunzila ndi zida zodzaza makabati. Kuno zonse zinkakwana m'chikwama chimodzi chachikopa. Munali kalipenga kachitsulo komvetsela mtima wa mwana m'mimba, makina a bipi omata ndi pulasitala, sizasi, zopanila mchombo, ulusi womangila mchombowo, katheta wa mphila wotulutsila mkodzo, ndi timabotolo ta mankhwala oumitsa chibelekelo mayi akamataya magazi. Magolovesi sitinkataya, ayi ndithu. Tinkawachapa, kuwauzila mpweya kuti tione ngati abooka, kuwawilitsa mu poto pa pulaimasi pamodzi ndi manyeleti obayila jekeseni, kuwayanika pa chingwe, kenako kuwathila pauda. Madilipu ankabwela mwa apo ndi apo, ndipo Sisita ankawabisa pansi pa bedi lawo kuti asathele pa odwala amene angathe kumwa madzi ndi pakamwa. Tinalinso ndi wailesi yolankhulila ndi chipatala cha ku boma, yomwe inkagwila ntchito batile ikakhuta dzuwa.

Sisita sankathamanga, sankakweza mawu. Ankagwila mimba ya mayi ndi manja awili ngati akusankha dzungu, n'kundiuza kuti, "Mutu uli apa, msana uku. Gwila iwe, usandikhulupilile ine." Pa mphuthu ya chitseko cha chipinda cha sikelo anali atalemba mzele ndi penti yofiila. Mayi aliyense wa pakati poyamba ankaima pamenepo wopanda nsapato. Mutu ukapanda kufika pa mzelewo, tinkadziwa kuti mwina mafupa a m'chiuno ndi opapatiza, ndipo tinkamuuza kuti mwezi wake ukayandikila asadikile matenda kumudzi, akadikilile ku boma komwe kuli opaleshoni.

Rozina sanafike pa mzelewo. Panatsala malo okwana chikhatho changa. Anali kamtsikana kowonda, ka maso aakulu, kosalankhulalankhula. Nditamufunsa ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka, anandiyankha ndi Chichewa chenicheni cha kwathu kumalile, mpaka ndinaseka ndi chimwemwe. Anali wa ku Mozambiki. Anathawa nkhondo, anakhalako mu msasa wa othawa kwawo, kenako anakagwila maganyu pa famu ya fodya kufupi ndi Chipata, ndipo kumeneko anakumana ndi Yotamu, mnyamata wa mudzi wina wa Angoni oweta ng'ombe kuseli kwa dambo lathu. Yotamu anabwela naye kwawo. Panalibe atate, panalibe malume, panalibe aliyense wolandila ng'ombe za malowolo kapena womulankhulila zinthu zikavuta. Sisita atamuuza za ku boma, iye anangoti, "Ndikawauza amama," kutanthauza apongozi ake. Sanabwelenso ku sikelo.

Tsiku lovutalo linafika mkati mwa mvula yeniyeni, chimanga chikumasula. M'mamawa tikusesa, Yotamu anatulukila pa njinga, matope mpaka m'mawondo. Ananjuta patali ndi khonde ngati wabwela ndi mlandu.

"Sisita, matenda anayamba dzana," anatelo. "Mwana sakubwela. Amama sakudziwa kuti ndabwela kuno."

Sisita sanamukalipile. Anamufunsa ngati nsupa inasweka, iye anati sakudziwa, amuna sayandikilako. Sisita analowa mkati, anayatsa wailesi n'kupempha ambulansi. A ku boma anati mwamwayi dizilo alipo lelo, koma galimoto singawoloke kamtsinje ka pakati pa mudziwo ndi mseu waukulu, chifukwa madzi anali atakokolola kamlatho ka mitengo. Anati adzaima kutsidya chakumasana. Kenako Sisita anagwada n'kutulutsa madilipu awili pansi pa bedi lawo. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti lelo kuli ntchito. Iwo anakwela njinga yawo, ine Yotamu ananditenga pa kaliyala, chikwama pamiyendo.

Pa mudzi tinapeza amuna atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi khola, mitu ili pansi. Kanyumba ka Rozina kanali kotseka. Sisita anagwada pakhomo, anaomba m'manja n'kuti, "Odi, amama." Tinadikila. Ine magazi anali akuwila kale, ndikuti mumtima, munthu akufa mkatimo ife tikuomba m'manja! Potsiliza chitseko chinatseguka, ndipo panaima NyaSoko, amake a Yotamu, mayi wamtali woongoka, wa makutu oboola, maso ofiila chifukwa chosagona. Mkati munali ankhazi, mlongo wa atate ake a Yotamu, ndi amayi ena awili achikulile.

Rozina anali pa mphasa atatsamila khoma, milomo youma yong'alukang'aluka, thupi lotentha. Mtsempha wa pamkono unkathamanga ngati wa nkhuku. Sisita atavundukula mimba, ine mtima unati phwii. Inali itagawika pawili, ngati munthu waimanga chingwe pansi pa mchombo. Chimenecho ku sukulu ndinangochiona pa chithunzi, ndipo chimatanthauza kuti chibelekelo chakankha mpaka kupyapyala, chatsala pang'ono kung'ambika. Sisita anavala magolovesi n'kuyeza njila. Inali itatseguka yonse, koma mutu wa mwana unali utapanikizika pamwamba pa mafupa, wotupa, osasuntha. Anandipatsa kalipenga. Ndinafufuza, ndinafufuza, mpaka ndinaumva mtima wa mwana uli kutali, ukuthamanga n'kumazilala, kuthamanga n'kumazilala. Koma unalipo. Tinalowetsa katheta, mkodzo unatuluka wochepa, wosakanikilana ndi magazi. Ndinabaya dilipu movutikila chifukwa mitsempha inali itabisala, Sisita anamubaya penisilini, n'kumugoneka chammbali, kumanzele.

"Amama," anatelo Sisita kwa NyaSoko, "mwana uyu sangatuluke ndi njila iyi. Khomo ndi laling'ono. Tipite naye ku boma tsopano lino."

"Khomo si laling'ono," anayankha NyaSoko. "Latsekedwa. Awa ndi mapinga."

Mapinga tinkawadziwa ngakhale kwathu. Akuluakulu amakhulupilila kuti mwana akakanilila m'mimba ndiye kuti mmodzi wa makolo ake anayenda ndi munthu wina, ndipo njila singatseguke mpaka wolakwayo atatchula maina onse. Yotamu anali atafunsidwa kale ndi amuna anzake, ndipo analumbila kuti alibe. Tsono nkhani yonse inagwela Rozina. Kuyambila dzulo lake amayi aja ankasinthana kumufunsa. Ululu ukafika pachimake ankamuyandikila kukhutu n'kumati, "Zunula! Zunula mazina!" ndiye kuti, tchula maina. Iye ankangopukusa mutu.

"Akazunula abeleka pompano," anatelo NyaSoko. "Tikamutulutsa asanazunule afela m'njila, ndipo ndidzakhala ndamupha ndine. Akazi a mudzi uno onse ndinawachilitsa ndi manja awa. Sindimuda mkamwana wanga, Sisita. Ndikufuna achile."

Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinali ndi mawu okonzeka, a mafupa a m'chiuno, a mzele wofiila, a polisi ngakhalenso a ndende. Sanatuluke, chifukwa jombo ya Sisita inandiponda chala chachikulu, iwo osandiyang'ana n'komwe. Ndipo jombo imeneyo sinali yopepuka.

"Mwanena bwino, amama," anatelo Sisita, manja ali pamodzi. "Eni ake a mwambo ndinu, ine sindingakuletseni kufunsa. Koma ndiphunzitseni, kodi mwambo umati afunsidwe ali m'nyumba basi? Mukamufunsile pa ngolo. Akazunula m'njila n'kubeleka, tibwelela tonse tikululuta. Akapanda kuzunula, tikhala tayandikila kwa adokotala."

NyaSoko anayang'ana ankhazi. Ankhazi anayang'ana amayi ena aja. Palibe amene anakumbukila lamulo loletsa kufunsila pa ngolo. Kenako NyaSoko anatulutsa mutu pakhomo n'kufuula kuti, "Yotamu! Manga ng'ombe!" Ine ndinangoti kakasi, chala chikuwawa. Ku sukulu palibe amene anatiphunzitsa zimenezo.

M'ngolo tinayalamo udzu, mphasa ndi bulangeti lochindikala. Dilipu ndinaimangilila pa nsungwi n'kuigwila chilili, dzanja lina nditagwila la Rozina. Sisita anakhala pambali pake, chikhatho chili pamimba, kumvetsela ngati chingwe chija chikukwela. NyaSoko ndi ankhazi anakhala kumutu, amayi awili aja ankatsatila wapansi. Yotamu ankayenda kutsogolo ndi ng'ombe, atatipatsa msana, popeza mwamuna saona zotele. Njila inali matope okhaokha. Matayala ankamila, ng'ombe kukoka, ngolo kudumpha, ndipo ikadumpha Rozina ankabuula.

Mafunso sanaleke. Koma NyaSoko sankakalipa, ankachondelela. "Mkamwana, zunula, sitikuthamangitsa. Ngakhale akhale wa m'mudzi muno, tidzasunga ife akazi tokha." Rozina anapukusa mutu. Apo ankhazi anati, "Mwina si za lelo. Za kwanu kunkhondo akuzidziwa ndani? Tchula onse, kuyambila woyamba."

Rozina anatsegula maso. Sanandiyang'ane ine kapena Sisita, anayang'ana apongozi ake. Mawu ake anatuluka omveka bwino, mpaka ndinadabwa kuti mphamvu wazitenga kuti.

"Amama, mwana uyu ndi wa Yotamu. Chilowele m'nyumba mwanu sindinayende ndi munthu. Koma poti mwati kuyambila woyamba, ndikuuzani. Anabwela amuna a mfuti tikukolola mapila. Atate anawaphela pakhomo. Ine ndi amayi anatitenga kuti tiwanyamulile katundu. Titafika kuthengo, amayi anagwada kuwapempha kuti atenge iwo, andileke ine. Anawaombela ndikuona. Ine anandisunga mpaka mvula inagwa n'kutha."

Ululu unabwela. Anandifinya dzanja mpaka ndinaluma mlomo. Utadutsa anapitiliza.

"Mukuti nditchule maina. Kuyambila dzulo ndakhala ndikuwafunafuna m'mutu mwangamu, kuti mwina ndikumbukile ngakhale limodzi, mwana wanga akhale ndi moyo. Amama, maina awo sindiwadziwa. Sanandiuze."

Tinkangomva matayala m'matope ndi kupuma kwa ng'ombe. Yotamu sanacheuke, koma chikwapu chinagwa m'manja mwake ndipo sanachitole, mapewa ake okha ndiwo ankagwedezeka. Ankhazi anafunda chitenje kumutu. NyaSoko anasendela, ananyamula mutu wa Rozina kuuchotsa pa udzu n'kuuika pamiyendo pawo, ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi madzi a m'chigubu n'kumupukuta milomo.

"Mafunso atha," anatelo. Ndiye anakweza mawu kwa mwana wawo. "Iwe, ng'ombe zakozo zikuyenda ngati zikupita ku dibi bwanji? Thamangitsa!"

Mtsinje tinayamba kuumva tisanauone. Kamtsinje komwe chilimwe ana amadumpha kanali katasanduka chimadzi chofiila, chikukokota zinyalala ndi nthambi. Kutsidya kunali ambulansi yoyela, dalaivala akutikodola ndi manja awili. Ng'ombe zinafika m'mphepete, zinanunkhiza madzi, n'kukana kwamtuwagalu. Ngakhale zikanalola, ngolo ikanagubuduka. Sisita anavundukula mimba. Chingwe chija chinali chitakwela kufika pa mchombo, mtsempha wa pamkono unali utachepa ngati ulusi, ndipo pa bulangeti panali magazi atsopano.

"Sitingadikile kuti madzi aphwe," anatelo.

Yotamu anati amunyamula m'manja. Sisita anakana, anati mimba isapindike ndipo isapanikizike, awoloke chogona. Tinayang'anana. Panalibe machila, panalibe chitseko, panalibe amuna ena. Ndiye NyaSoko anatsika pa ngolo, anamanga chitenje chawo molimba m'chiuno, anapinda ngodya ya bulangeti n'kuikulunga pa nkhonya.

"Ankhazi, gwilani uko. Inu awili, kumiyendo. Yotamu, tsogola ndi ndodo, utiuze pomwe pali maenje."

Amayi anayi, onse aakulu kuposa amayi anga, onse owonda ndi njala ya chaka chimenecho. Anamunyamula Rozina n'kulowa naye m'madzi, Sisita ali pakati atachilikiza msana wake ndi manja, ine pambali nditakweza dilipu m'mwamba. Ndinene pano kuti ine kusambila sindidziwa, mpaka lelo. Madzi anafika m'mawondo, m'chiuno, kenako pachifuwa, ozizila, akukankha miyendo ngati ali ndi nzelu. Atafika pamenepo NyaSoko anafuula kuti, "Pamutu!" ndipo amayi aja anakweza bulangeti pamodzi n'kusenza ngodya zake pamitu, monga amasenzela nkhuni. Rozina anali m'mwamba, pamwamba pa madzi, nkhope yake ikuyang'ana mitambo.

Tili pakati penipeni, chinthambi chachikulu chinabwela ndi madzi. Ndinachiona, ndinakuwa, koma panalibe kothawila. NyaSoko anali kumtunda komwe madzi ankachokela, ndipo chinawamenya m'nthiti mpaka ndinamva kugunda kwake. Anapendekeka, madzi anawafika pachibwano. Manja awo sanachoke pa bulangeti. Anaponda pansi, anaongoka, chinthambi chinazungulila n'kupita. Ndipo nthawi yonseyo ankalankhula, osati kwa ife, koma kwa amene anali pamutu pawo. "Khwima mtima, mwana wane. Khwima mtima, mwana wane." Limba mtima, mwana wanga. Sanatinso mkamwana.

Ndagwila ntchito ya uzamba mpaka tsitsi kuyela, ndaona madokotala aluso ndi makina odabwitsa, koma chinthu chonga chimenecho sindinachionenso. Amayi omwewo amene m'mawa ndinkafuna kuwaitanila apolisi! Ndinkalila ndili m'madzi, osati ndi mantha okha. Tsitsi linandiimilila, ndinamva ngati ndikuona chinthu chimene munthu sayenela kuchiona ataimilila, koma atagwada. Mkono wonyamula dilipu unachita dzanzi, koma sindikanautsitsa pamaso pa anthu amenewo.

Kutsidya dalaivala anatilandila atalowa yekha m'madzi mpaka m'mawondo. Ankhazi ndi anzawo awili anati abwelela akaone ng'ombe, ndipo anagwilana manja n'kulowanso mumtsinje ngati palibe chachitika. Ife tinakwela ambulansi. Mseu wonse Sisita sanachotse zala pa mkono wa Rozina, ine ndinasintha dilipu n'kuika yachiwili ija. Kalipenga sindinakagwilenso, chifukwa ndinkaopa zomwe ndikanamva.

Ku boma anamuthamangitsila ku fiyeta, kochitila opaleshoni, Sisita analowa naye. Ine, Yotamu ndi NyaSoko tinakhala pa benchi, zovala zikudontha. Dzuwa likupendeka Sisita anatuluka, anagwada patsogolo pa NyaSoko n'kunena zonse mosabisa. Rozina ali moyo. Mwana ndi wamkazi, anatuluka wosapuma, koma anamupopa zam'mphuno, anamuuzila mpweya, ndipo walila. Chibelekelo chinali chitayamba kale kung'ambika, adokotala achichotsa kuti magazi aleke. Rozina sadzabelekanso.

Yotamu anabisa nkhope m'manja. Ine chimwemwe changa chinasakanikilana ndi mantha ena atsopano. Pa mudzi wa ng'ombe amawelengela ana aamuna. Mkazi amene sadzabelekanso, amene mbili yake yamveka pa ngolo, angamusunge? Ndipo akamuchotsa apita kuti, poti kwawo kulibe? Ndinayang'ana nkhope ya NyaSoko kuti ndipeze yankho, koma ndinangoona kuti akupuma chammbali, milomo itatuwa. Titawayeza tinapeza nthiti zothyoka ndi chilonda chachikulu kuphazi. Sanadandaule ngakhale kamodzi kuchokela kumtsinje.

M'mawa mwake tikubwelela ndinawafunsa Sisita kuti nzelu ya ngolo ija anaitenga kuti. Anati, "Mailesi, ukanawatukwana ukanapambana mkangano, koma Rozina akanafela pa mphasa. Amayi aja sanali adani ake. Anali ndi mantha ngati ife, kungoti mankhwala awo anali ena." Zimenezo ndinazisunga. Mapinga sindiwakhulupilila, ndipo pa sikelo, pomwe pali nthawi, ndawatsutsa zaka zonsezi mpaka mawu kusasa, chifukwa ndinaona chimene mafunso aja amachita kwa munthu. Koma tsiku la matenda sinditsutsana ndi munthu. Ndimagwada, ndimati odi, ndimafufuza amene ali ndi mantha kuposa onse m'nyumbamo, n'kumupatsa ntchito ya pa ulendo. Nthawi zambili ameneyo ndi amene amanyamula kolemela.

Patapita masiku ndinapita ku boma kukatenga mankhwala, ndipo ndinapatukila ku wodi ya amayi, mtima uli m'mwamba. Rozina anali atakhala tsonga, akuyamwitsa. NyaSoko anali pa mphasa pansi pa bedi, pomwe amagona osamalila odwala, chifuwa chomanga ndi bandeji. Anesi anandiuza kuti anawapatsa bedi ku wodi ina koma anakana. Mchombo wa mwana unali utagwa m'mawa womwewo, ndipo kumeneko ukagwa ndiye kuti nthawi ya dzina yakwana. Dzina limachokela kuchimuna, mayi wa mwana amangomva.

NyaSoko anadzuka pang'onopang'ono atagwila nthiti, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuti, "Ndili ndi funso limodzi latsala."

Ndinaona Rozina akuuma thupi lonse, manja akukumbatila mwana. Inenso pakamwa panga panayamba kutseguka, ndipo Sisita panalibe kuti andiponde.

"Amayi ako aja anagwada," anatelo NyaSoko. "Dzina lawo anali ndani?"

Rozina anayesa, mawu osatuluka. Anayesanso.

"Ameliya."

NyaSoko anatambasula manja, ndipo Rozina anawapatsa mwana. Anamunyamula ngakhale nthiti zinkawawa, anamuyang'ana kumaso, n'kumulankhula mwaulemu, monga amalonjelela mzimayi mnzawo amene wachokela kutali kudzaona komwe mwana wake anakwatiwa.

"Monile, a Ameliya. Mwayenda ulendo wautali. Khalani pansi, pano ndi panu, inu ndi mwana wanuyu."